Khungu la Munthu m'Nyengo ya Cisanu

Mvula ikaleka m'mwezi wa Epulo, dziko la Lundazi liyamba kusintha maonekedwe ace. Udzu wa m'madambo ufiira, timitsinje tiphwa, ndipo dothi la makande limene linali kumata ku makasu m'dzinja ling'ambika ming'alu yoti mwana nkupisamo cala. Pofika Juni ndi Julayi mphepo ya mwera iomba usana ndi usiku. Popeza Lundazi ali pa mtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere, usiku wa kuno uzizira koposa wa ku cigwa ca Luangwa, ndipo m'mamawa ana apita ku sukulu manja ali m'khwapa, mano akugundana. Iyi ndiyo nyengo ya cisanu. Ku Ulaya nyengo yozizira idza ndi cipale. Ya kuno idza ndi mphepo youma, pfumbi, ndi utsi wa lupsa.

Cimene cicitikira dothi la m'dambo cicitikiranso khungu la munthu. Ana akaima pa mzere m'mawa, miyendo yambiri ioneka yotuwa mbuu, monga ngati wina waiwaza phulusa, kotero kuti anyamata ena amalembapo maina ao ndi kamtengo ngati pa sileti. Milomo isweka nitulutsa mwazi, ndipo ku zidendene kubuka zikang'a. Kawiri-kawiri mwana wotuwa amasekedwa ndi anzace kuti ndi waulesi, woopa madzi. Kuseka kumeneku ndi kwa anthu osadziwa, pakuti mwana wosamba kawiri pa tsiku ndi sopo wambiri angathe kutuwa kuposa mnzace wosamba kamodzi. Kuti cimeneci cimveke bwino, nkofunika kuyamba kudziwa mamangidwe a khungu.

Khungu ndico ciwalo cacikulu koposa ziwalo zonse za thupi. La munthu wamkulu, likadati liyalidwe pansi monga mphasa, likadakuta malo okwana pafupi-fupi mamita 2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Liri ndi mbali ziwiri. M'mbali ya m'kati ndimo muli mitsempha ya mwazi, mizu ya ubweya, timatumba totulutsa thukuta, ndi timatumba tina totulutsa mafuta. Mbali ya kunja ndi yopyapyala, ndipo pamwamba pace peni-peni pali kansalu kopyapyala koposa pepala la m'buku. Kansalu kameneka kapangidwa ndi tizidutswa tating'ono tochedwa maselo, timene tinafa kale ndi kuphwathalala. Maselo atsopano abadwa pansi nakankha anzao kupita pamwamba. Ulendo umenewu utenga monga milungu 4, ndipo akafika pamwamba ayoyoka osaoneka ndi maso.

Mamangidwe a kansaluka afanana ndi khoma la njerwa. Ali yense amene anafikapo pa boma la Lundazi anaiona nyumba ija ya nsanja yochedwa Castle, imene Bwana D.C. Errol Button anamangitsa kuyambira 1948 mpaka 1952. Njerwa zace zaima zaka zoposa 70, koma sizikadaima popanda matope omata pakati pa njerwa ndi njerwa. M'khungu, maselo akufa aja ndiwo njerwa, ndipo matope ace ndiwo mafuta amene khungu lipanga lokha. Khoma limeneli liri ndi nchito ziwiri: kuletsa madzi a m'thupi kuti asatuluke, ndi kuletsa tizirombo ta kunja kuti tisalowe. Matope akagumuka, khoma likhala ndi mipata. Pamenepo madzi athawa, maselo auma napindika m'mphepete monga masamba a fodya m'cigafa, nayamba kutukuka. Kutuwa kuja ndiwo maselo ouma amene atukuka, ndipo pa khungu lakuda aoneka msanga monga coko pa bolodi. Si litsiro iai.

Tsono cifukwa ciani kutuwa kucuruka m'cisanu? Mpweya uli ndi ludzu lace. Mpweya wofunda ungasunge cinyezi cambiri, koma wozizira usunga pang'ono. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungasunge madzi okwana magalamu 30. Pa madigiri 10 ungasunge magalamu 9 okha. Cotero mpweya wa m'mamawa wa Julayi uli ndi madzi pang'ono cabe. Dzuwa likakwera, mpweya womwewo ufunda ndipo ludzu lace likula, ndipo popeza kulibe mvula kapena madambo onyowa oupatsa madzi, umwa pali ponse pamene wapeza. Ndico cifukwa cace zobvala zocapa ziuma msanga pa cingwe ngakhale kunja kukuzizira. Umwanso pa khungu la munthu, ndipo mphepo iuthandiza, pakuti icotsa mpweya umene wakhuta nibweretsa wina waludzu.

Koma mlandu wonse suli pa mphepo. Zambiri zogumula khoma lija munthu azicita yekha. Nchito ya sopo ndiyo kusungunula mafuta, ndipo sopo sasiyanitsa mafuta a ndiwo otsala m'mbale ndi mafuta a khungu. Madzi otentha kwambiri, amene ali yense awakhumba m'Juni, acita cimodzi-modzi. Sopo wa ufa wocapira zobvala ndi waukali koposa, ndipo wosamba naye adzionongera khungu. Phulusa lotsukira miphika ndi simenti ya omanga nyumba nazo zidya manja. Ndiponso miyezi yomweyi ndiyo ya nchito zoumitsa manja: kutola thonje, kutongola cimanga, kuswa nshawa, kuumba njerwa, ndi kuthirira mbeu ku dimba m'mamawa ndi madzi ozizira.

Palinso moto. Oyimba ng'oma za Vimbuza kapena za Gule Wamkulu adziwa kuti ng'oma ikalefuka aiyandikiza ku moto, ndipo cikopa cace ciuma nicikungika. Miyendo ya mwana wootha moto pafupi kwambiri madzulo ali onse icitidwa cimodzi-modzi, ndipo ena amabuka mawanga akuda, ocedwa kutha, amene akulu amawacha mbala.

Mapazi ali ndi bvuto lao-lao. Pansi pa phazi ndi m'cikhatho mulibe timatumba ta mafuta tija. Khungu la ku cidendene ndi lokhuthala, ndipo munthu akaponda, cidendene ciphwathalala ndi kulemera kwa thupi lonse. Khungu lofewa litanuka, koma louma ling'ambika. Cikang'a cikazama cifika pa mnofu wamoyo nicitulutsa mwazi, ndipo mnyamata amene anali katswiri wa mpira ayamba kuyenda monyang'ama, mwina mpaka kujomba ku sukulu. Cikang'a cotere ndi khomo lotseguka. Mulowa dothi, ndipo m'dothi muli tizirombo totupitsa phazi, ngakhale tija ta kafumbata. Kwa munthu wodwala matenda a shuga, amene zironda zace zicedwa kupola, cikang'a cimodzi cingasanduke cironda coopsa. Milomo nayo, mwana akamva kuti yauma ainyambita. Koma malobvu auma msanga natenga ndi madzi a mlomo omwe, ndipo mlomo usweka koposa poyamba.

Makolo anali kudziwa mankhwala a zonsezi. Pa mudzi wa Acewa ngakhale wa Atumbuka, nsatsi zinali kumera kuseri kwa nyumba ndi pa dzala. Amai anali kukazinga nthanga zace, kuzisinja mu mtondo, ndi kuziphika m'madzi. Mafuta akayandama pamwamba anali kuwayengula ndi kuwathira m'nsupa. Mafuta a nsatsi ndi okhuthala, ocedwa kuuma, ndipo kufikira lero athandiza bwino pa zikang'a. Koma nthanga ya nsatsi iri ndi ululu woopsa wochedwa ricin, ndipo mwana asaitafune ngakhale imodzi. Ululu umenewu sutsagana ndi mafuta. Ukhalira m'zotsala za pansi pa mphika, zimene ziyenera kutayidwa kumene ana ndi ziweto sangafike.

Mafuta a m'sitolo anadza pambuyo. M'caka ca 1859 mnyamata wina wodziwa za mankhwala, dzina lace Robert Chesebrough, anapita ku Titusville m'dziko la America, kumene anthu anali atayamba kukumba mafuta a pansi pa nthaka. Anapeza anchito akudandaula ndi phala lina lakuda limene linali kumata ku zitsulo za mpope. Koma anaonanso kuti anchito omwewo anali kulipaka pa mabala ao. Iye anatenga phalalo nakhala zaka zoposa 10 akuliyenga kufikira linayera, ndipo mu 1872 analembetsa ku boma njira yace yoliyengera. Awa ndiwo mafuta a Vaseline, amene lero apezeka m'kantini iri yonse kuyambira ku Chipata mpaka ku malire a Lusuntha. Mafuta amenewa salowa kutali m'khungu. Akhala pamwamba monga cibvundikiro pa mtsuko, ndipo atsekereza pafupi-fupi madzi onse amene akadathawa.

Gilisirini agwira nchito mwa njira yina. Anampeza Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden mu 1779. Iyeyu akoka madzi ndi kuwagwira, monga mcere unyowa wokha m'dzinja. Wosasungunula amata ndipo abaya pa ming'alu, cotero ndi bwino kumsakaniza ndi madzi pang'ono kapena ndi mafuta ena m'cikhatho. Mafuta oyera a m'mabotolo, ochedwa loshoni, ndiwo madzi ndi mafuta zosakanizidwa pamodzi monga mkaka. Ndi opepuka, okoma kudzola m'cilimwe, koma pa khungu louma kwambiri la m'Julayi acepa mphamvu. Pamenepo afunika okhuthala a m'cikopo.

Apa pali cinthu cimodzi cimene ambiri alakwa. Mafuta sathira madzi m'khungu. Angotsekera madzi amene alimo kale. Wobvundikira mtsuko wopanda kanthu sadzapezamo madzi mawa. Ana angathe kuyesa okha m'kalasi. Atenge mbatata zitatu zofanana kukula: yoyamba aisiye ndi khungu lace, yaciwiri aisende, yacitatu aisende ndi kuipaka Vaseline pompo isanaume. Zonse aziike pa zenera masiku 4. Yoyamba idzakhala monga inaliri, yaciwiri idzafota ndi kukwinyika, koma yacitatu idzafota pang'ono cabe. Akafuna, apake mafuta yofota ija pa tsiku lacisanu. Adzaona kuti iwala, koma sibwerera mwakale.

Cifukwa cace nthawi yodzola iposa mtengo wa mafuta. Munthu asambe ndi madzi ofunda, osati otentha, ndipo asakhalitse ku bafa. Sopo apake kumene kuli thukuta ndi litsiro, ndiko m'khwapa, m'mphecepece, m'manja ndi ku mapazi. Miyendo ndi msana sizifuna thobvu lambiri tsiku ndi tsiku. Kukhula thupi ndi cinkhupule kufikira liwawa sikucotsa kutuwa, kungogumula khoma lija. Akatha, adzipukute mogunda-gunda, ndipo khungu likali lacinyezi adzole pomwepo, asanaturuke ku mphepo. Mwana amene asamba, nathamanga kukaotha dzuwa kufikira auma gwa, ndi kudzola pambuyo pace, wataya sopo ndi mafuta omwe. Mafuta ocepa odzola m'nthawi yace aposa botolo la mtengo wapatali lodzola mocedwa. Manja adzolenso akatha kucapa kapena kutsuka mbale, ndipo pa milomo apakepo pang'ono asanapite ku sukulu.

Zikang'a zifuna cipiriro. Madzulo munthu abviike mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, akhule pang'ono khungu lakufa ndi mwala wosalala, osafika pa mnofu, ndipo apake mafuta okhuthala ndi kubvala masokosi pogona. Acite cotero masiku onse, pakuti khungu latsopano litenga milungu kuti lifike pamwamba. Kudula zikang'a ndi lumo ndi koopsa. Nsapato zotseka ku cidendene zithandiza koposa patapata, cifukwa zigwira cidendene kuti cisaphwathalale.

Makungu a anthu asiyana monga isiyana minda. Ena abadwa ndi khungu lanthete, losacedwa kuyabwa, makamaka m'mapindiko a zigongono ndi kuseri kwa maondo, ndipo kawiri-kawiri pa mtundu pao pamakhalanso odwala mphumu. Mwana wotere akakanda, khungu linyuka, ndipo likanyuka liyabwa koposa. Iye apewe sopo ndi mafuta onunkhira, pakuti zonunkhiritsa ndizo zimautsa kuyabwa kawiri-kawiri; mafuta opanda pfungo ndi opanda mtundu ndiwo omuyenera. Mafuta acilendo ayambe kuwayesa pa kamalo kakang'ono m'kati mwa mkono, nadikire masiku 2. Pakatupa kapena pakayabwa, awaleke. Juzi yaubweya asaibvale pa thupi peni-peni, koma pamwamba pa malaya a thonje, ndipo zobvala za pa salaula azicape ndi kuzitsukuluza bwino asanabvale. Zikhadabo zikhale zowenga.

Khungu la khanda ndi lopyapyala koposa la munthu wamkulu, ndipo litaya madzi msanga. Madokotala ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, anayesa kudzoza mafuta a mpendadzuwa makanda obadwa masiku osakwana, ndipo mu 2005 analengeza kuti makanda odzozedwa anagwidwa ndi matenda ocepa poyerekeza ndi osadzozedwa. Mpendadzuwa alimidwa m'minda yambiri ya ku Lundazi. Cofunika ndi cakuti mafuta ace akhale atsopano ndi oyera, osati otsala pokazinga.

Ana a khungu la cialubino asowa cisamaliro coposa apa. M'cisanu kumwamba kulibe mitambo, ndipo dzuwa liwaocha ngakhale thupi likumva kuzizira. Vaseline ndi mafuta a nsatsi saletsa dzuwa konse. Iwo afunika cipewa ca mlomo waukulu, malaya a manja atali, ndi mafuta apadera oteteza ku dzuwa, pakuti kupsa kwa caka ndi caka ndiko kumabala khansa ya pa khungu. Tsiku limene maiko onse akumbukira anthu amenewa, 13 Juni, ligwa pakati peni-peni pa cisanu ca kuno.

Zinthu zina siziyenera kukhudza khungu konse. Oilo wa galimoto ndi parafini, zimene anyamata ena amapaka pa zikang'a, ziri ndi ululu. Mafuta oyeretsa khungu, amene ambiri ace ali ndi mekyule kapena mankhwala ena aukali, apyapyalitsa khoma limene munthu anayenera kulimanga, ndipo mekyule aononga impso. Ndiponso nsalu kapena bulangeti limene lamwa mafuta odzola liyaka msanga. Mwana wodzola akhale patali ndi moto, ndipo zofunda zicapidwe kawiri-kawiri. Munthu akapsa, asapake mafuta pa bala. Athirepo madzi ozizira kwa mphindi 20, napite ku cipatala.

Kuuma kwa cisanu kumvera mafuta. Munthu akadzola bwino milungu iwiri koma osaona kusintha, bvuto lace silicokera ku mphepo, ndipo ayenera kukaonetsa ku kiliniki ya pafupi, ku cipatala ca boma ca Lundazi, kapena ku ca mishoni ku Lumezi. Kuyabwa kokula usiku, ndi tizironda pakati pa zala, kogwira a m'nyumba onse, ndiko mphere. Mawanga ozungulira a m'mutu, othothola tsitsi, ndiwo zipere. Zonse ziwiri ziri ndi mankhwala ace, ndipo Vaseline sazipha. Banga lotumbuluka limene silimva kanthu munthu akalikhudza lingathe kukhala khate; khate licira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, amene aperekedwa kwaulere kuyambira 1995, ndipo wofulumira sapunduka.

Koma matenda amene anamiza anthu koposa m'dziko la nsima ndiwo pelagra, pakuti poyamba aoneka monga khungu longouma ndi mphepo. Khungu lida, likhakhala, nilisupuka, koma m'malo okha-okha oombedwa ndi dzuwa: kuseri kwa manja, pa mikono, pamwamba pa mapazi, ndi kuzungulira khosi monga mkanda, ndipo mbali zonse ziwiri za thupi zifanana. Pambuyo pace munthu atsegula m'mimba, maganizo asokonezeka, ndipo wosathandizidwa amafa. Kale anthu anali kuyesa kuti ndi matenda opatsirana, kufikira dokotala Joseph Goldberger wa ku America anasonyeza mu 1915 kuti gwero lace ndi cakudya. Thupi limasowa vitamini wochedwa niacin. M'cimanga vitaminiyu ali womangika, kotero kuti thupi litapapo pang'ono cabe, ndipo mu ufa woyera atsala wocepa koposa mu mgaiwa. Wodya nsima yokha-yokha, wopanda ndiwo zokwanira, ali pa ngozi.

Zimenezi zinaoneka poyera kutsidya kwa malire. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu ambiri anathawira ku Malawi nakhala m'misasa, akudya cakudya colandira. Mu 1990 nshawa zinaleka kufika m'cakudya cimeneco kwa miyezi ingapo, ndipo kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala anthu oposa 18,000 anadwala pelagra. Nshawa, zimene a ku Malawi azicha mtedza, ziri ndi niacin wambiri, ndipo Lundazi ndi dziko la nshawa. Chalimbana wa kuno adziwika kutali. Nsinjiro m'ndiwo za masamba, nyemba, nyama, kapenta, mazira ndi mkaka, zonsezi zicinjiriza munthu ku nthendayi. Amene wadwala kale, ku cipatala ampatsa mapiritsi a vitamini yemweyo. M'masiku owerengeka m'mimba muleka ndipo maganizo abwerera; khungu licedwerapo, koma popita milungu ingapo lakale lija lisupuka, ndi pansi pace paoneka latsopano losalala.